Dzina la Mwana wa Felesiya

Kalekale, osati kale la makolo koma kale loti amene analiona akadali moyo, kumapiri a ku Neno kunali mayi wina dzina lake Nasibeko. Mayiyu anagwira ntchito ya unamwino mpaka imvi zinadzaza mutu, ndipo atapuma sanatsatire ana ake kutauni monga ankachitira anzake. Anachita lendi kachipinda kuseri kwa chigayo pamsika wina, n'kukhoma chikwangwani cha bungwe lake lachifundo lotchedwa Tifike Amoyo. Ntchito ya bungwelo inali imodzi yokha: kuthandiza amayi oyembekezera a m'midzi yakutali kuti azifika kuchipatala nthawi isanathe. Kumeneko msewu ndi dzina chabe. Mayi matenda akamuyamba, amuna ankamunyamula pamachira n'kutsika naye mapiri, ndipo Nasibeko anali atalandirapo machira ambiri amene ankafika onyamula atasiya kale kufulumira.

Chaka china kunabwera achinyamata atatu ochokera ku Blantyre, amene anaphunzira limodzi zamakompyuta n'kuyambitsa kakampani kawo. Kakampaniko sikankagulitsa kanthu kwa anthu wamba, kankapangira mabungwe achifundo njira zogwirira ntchito pafoni. Lonjezo, mtsikana wosachulutsa mawu, ndiye ankalemba mapulogalamu. Mayeso anali wamiyendo, munthu wotha kukhala pamphasa ndi aliyense n'kuchoka atapalana naye chibale. Fatsani anali wapakamwa, wodziwa kuvala jekete n'kucheza ndi opereka thandizo akunja mpaka atambasule dzanja.

Atatuwa anamupangira Nasibeko chinthu chimene iye sanachilotepo. Mayi akayamba kudwala, aliyense pakhomo ankangodina nambala yaifupi pakafoni wamba kamabatani, ngakhale kalibe mayunitsi. Uthenga unkapita pakompyuta, kompyutayo n'kuimbira wakabaza wa njinga yamoto amene ali pafupi, n'kudziwitsanso achipatala kuti akonzeke. Wakabazayo ankamulipira ndi bungwe.

"Amayi," anatero Fatsani tsiku loyamba, "machira aja anthu aziyanikapo mphale."

"Iwe pakamwa pako m'potsekemera," anayankha Nasibeko. "Tiona mvula ikagwa."

Mvula inagwa, ndipo zinathekadi. Kwa zaka zingapo njinga zinkalira m'mapirimo, amayi n'kumafika kuchipatala akuyankhula okha. Amene anaikonda kwambiri nambalayo anali Felesiya wa m'mudzi wa Kanyimbi, kutsidya kwa mtsinje wa Lisungwi. Mwana wake woyamba anafera m'njira, pamachira, nambalayo isanabwere, ndipo kuchokera pamenepo anakhala zaka osaimanso. Felesiya ndiye ankaimirira kusikelo ndi kutchalitchi n'kumaphunzitsa amayi anzake kadinidwe kake. Palibe amene ankamulipira. Nasibeko ankangomutcha mwana wanga.

Kenako kunja kuja mphepo inasintha. Opereka thandizo anadziwitsa kuti maso awo atembenukira kwina, ndipo anachoka mwaulemu, akuyamikira ntchito yabwino. Koma kompyuta yolandira mauthenga inali yalendi, nambala yaifupi ija inali yolipira mwezi ndi mwezi, ndipo njinga siziyendera mayamiko. Achinyamata atatu aja anakhala pansi m'kachipinda ka Nasibeko, chigayo chikugunda kuseri kwa khoma, ndipo sanamvane. Aliyense anadzuka n'kukachita zimene mtima wake unamuuza.

Fatsani anabwerera kutauni n'kuyamba kugogoda m'maofesi. Anayenda mpaka nsapato zinaseka. Kulikonse ankamupatsa tiyi ndi mawu abwino. Amene anavomera pomaliza inali kampani ina ya juga ya mpira. Eni ake anati alipira kompyuta ndi nambala ija, koma iwo azitumiza mauthenga awo okopa anthu kubetcha pafoni iliyonse imene inalembetsa ku Tifike Amoyo. Nasibeko atamva anagwira kukamwa.

"Mwana wanga, ukuitana fisi kuti adzatilonderere mbuzi?"

"Amayi, ndabwera ndi chimene ndapeza," anatero Fatsani. "Ngati muli ndi china, ndipatseni, ichi ndikabweza lero lomwe. Koma mwezi ukatha tilibe kanthu, nambala ija aitseka."

Nasibeko analibe china. Anakhala chete, ndipo Fatsani anatenga chetecho ngati chilolezo. Nambala inakhalabe yamoyo.

Mayeso atamva za jugayo mtima unamuwira. Ndi iyeyo amene anayenda khomo ndi khomo kupempha manambala a anthu, akulumbira kuti ndi othandizira amayi basi. Anasiya ntchito, koma asanachoke anasonkhanitsa akabaza onse pansi pa mtengo wa pamsika n'kuwauza chilungamo: kuti ndalama za jugazo ndi zolipirira makina okha, kuti za mafuta zizichedwa, mwina osabwera n'komwe.

"Muli ndi ana inu," anawauza. "Mawa musadzati Mayeso anatinamiza."

Sananame. Akabaza ambiri anamvera, nanyamuka kukasaka makasitomala kumalire a Mwanza ndi ku Blantyre. Mmodzi mwa opitawo anali Chikaonda, mwini njinga yokhayo ya kutsidya kwa Lisungwi, amene nyumba yake inayang'anizana ndi ya Felesiya. Mayeso yekha sanapite kutali. Anatsegula kabenchi kokonzerapo mafoni pamsika womwewo, kanjinga kake kakale katatsamira khoma.

Lonjezo anatsala ndi akabaza ochepa, midzi ili yambirimbiri. Anaona kuti wakabaza mmodzi akawoloka mtsinje amatha tsiku lonse, ndipo tsiku lomwelo amayi awiri kapena atatu a tsidya lino amasowa wowanyamula. Anaganiza mpaka mutu unatentha, kenako anasintha pulogalamu. Kompyuta inayamba kuitanira akabaza midzi ya tsidya lino yokha. Mauthenga ochokera kutsidya anawakhotetsera pafoni yake, kuti iye mwini azisaka thandizo ndi pakamwa pake. Sanauze munthu, ngakhale Nasibeko. Ankati ndi zakanthawi, ndiponso ankaopa kuti anthu akamva kuti midzi ina yachotsedwa, onse ataya chikhulupiriro. Dzinja limenelo amayi ambiri a tsidya lino anafika kuchipatala amoyo chifukwa cha zimene anachitazo, ndipo palibe mmodzi amene anadziwa.

M'nyengo yomweyi Felesiya anaima. Nasibeko atamuona kusikelo anasangalala ngati mimbayo ndi ya mwana wake womubereka, koma anamuchenjeza kuti mvula ya chaka chimenecho si yabwino, ndipo mwezi womaliza abwere adzadikirire kuchipatala. Felesiya anavomera. Iye ndi mwamuna wake Daisoni anali atagulitsa kachewere n'kusunga kandalama kodzagulira ufa, nkhuni ndi ndiwo kuchidikiro kuja.

Daisoni sanali chidakwa kapena wamkamwa. Anali munthu wofatsa, wokonda munda wake ndi wailesi ya mpira. Mauthenga a juga ankabwera pafoni ya m'nyumba mwake, pansi pa dzina la bungwe lomwelo limene mkazi wake ankalitamanda kutchalitchi. Anati chinthu chochokera kwa anthu amenewa sichingakhale choipa. Ulendo woyamba anapambana pang'ono, nagulira mkazi wake chitenje. Maulendo otsatira anadya ndalama ya kachewere ija, kenako mbuzi imene anagulitsa kuti abweze ndalamayo. Mwezi wodikirira utakwana, m'nyumbamo munalibe chonyamula.

Felesiya anaimbira Nasibeko. Sananene za mwamuna wake, anangoti zinthu zavuta pang'ono pakhomo.

"Bwera choncho, tidzagawana zomwe ndili nazo," anatero Nasibeko.

"Amayi, inunso mukuvutika, ndikudziwa. Musade nkhawa, nambala ija ilipo. Ine ndi amene ndimaphunzitsa anzanga, ndiye ndiyambe ndine kuikayikira?"

Nasibeko sanaumirire. Nayenso ankadziwa kuti nambala ilipo.

Matenda anamuyamba Felesiya m'mawa wina wa mwezi wa Febuluwale, mvula itagwa masiku otsatizana. Mkulu wake Rozina anadina nambala ija. Uthenga unapita, ndipo yankho linabwera nthawi yomweyo monga linkachitira kale: thandizo likubwera. Rozina anathamangirabe kwa Chikaonda, napeza mkazi wake yekha akusenda chimanga chachiwisi, njinga kulibe. Amuna ena anati amange machira ayesere kutsika, koma ena anati mtsinje wadzaza, ndipo foni yanena kale kuti thandizo likubwera, bwanji timutopetse wodwala? Anadikira.

Uthengawo unali utagwera pafoni ya Lonjezo. Koma m'mawa umenewo Lonjezo anali ku Blantyre, m'chipinda cholembera mayeso ofunsira ntchito pakampani ina, chifukwa anali atatha miyezi osalandira kanthu ndipo mwini nyumba anali atatopa naye. Mafoni onse anawasiyitsa pakhomo. Anatuluka dzuwa lili paliwombo, nayatsa foni, naona dzina la mudzi wa Kanyimbi.

Anakhala pansi pomwepo, pamasitepe a ofesiyo. Anaimbira Rozina, anaimbira Nasibeko, n'kulumikiza mafoni awiriwo kuti azimvana. Ndi foni yobwereka kwa mlonda wapageti anadziwitsa achipatala, kenako n'kuyamba kuimbira akabaza mmodzimmodzi. Aliyense akamva kuti ndi kutsidya ankati Lisungwi lero sawolokeka. Atatha onse, anaimbira Mayeso, amene anali asanayankhulane naye chichokereni. Mayeso sanafunse zambiri. Anasiya foni ya kasitomala ili chotsegula pabenchi n'kuliza njinga.

Nasibeko anaima pakhonde la kachipinda kake, foni ili kukhutu, chala china atatseka nacho khutu linalo chifukwa cha phokoso la chigayo. Manja amene anagwira ana osawerengeka analibe chogwira tsiku limenelo. Ankamva mvula ikugunda malata kwa Kanyimbi, amayi akulankhulira pamodzi, ndi Felesiya akubuula. Mwana anabadwa iye akumvetsera, koma kulira sikunamveke.

"Amayi, ndi wamwamuna, koma wangoti zii," anatero Rozina.

"Musalire, mverani ine. Tengani chitenje chouma mumupukute mwamphamvu. Mutikiteni kumsana. Tsopano mugonekeni chagada, muike pakamwa panu pamphuno ndi pakamwa pake, muuzire pang'ono, kampweya ka m'masaya basi. Bwerezani. Bwerezaninso."

Panapita nthawi imene Nasibeko sanathe kuiyeza. Kenako kunamveka kamawu kochepa ngati ka mwana wa mphaka. Amayi kumeneko anayamba kuthokoza Mulungu, ndipo Nasibeko anatsamira khoma. Asanapume n'komwe Rozina anabwereranso pafoni, mawu atatsika.

"Amayi, magazi sakusiya."

Nasibeko anawauza zonse zimene munthu angachite ndi manja okha. Anati amutikite pamimba, amuike mwana kubere, amukweze miyendo, amufunditse. Anachita zonsezo. Magazi anachepa koma sanaleke. Pakati pa zimenezi Felesiya anapempha foni.

"Amayi, njinga ija yafika pati?"

"Ili m'njira, mwana wanga. Limba mtima."

"Ndamuona mwana. Ali ndi tsitsi lambiri."

Mayeso anapeza madzi atayamba kudutsa pamwamba pa kamlatho kamitengo. Anthu amene anaima m'mbali anamuuza kuti abwerere. Anatsika, nakankha njinga pamitengo yotererayo madzi akumumenya m'mawondo, mpaka anawoloka. Atafika kwa Kanyimbi anamumangirira Felesiya kumsana kwake ndi zitenje, Rozina n'kukhala kumbuyo mwana atamubisa m'kati mwa malaya. Pobwerera, pamlatho pomwe paja, mtengo umodzi unathyoka. Njinga inapendekera kumadzi, ndipo Mayeso anaponda pansi ndi mwendo kuti atatuwo asagwere mumtsinje. Mwendowo unapanikizika pakati pa njinga ndi mitengo, ndipo amene anali pamtunda anamva kuthyoka kwake. Amuna anathamanga n'kuwakoka. Panalibe wina wodziwa kuyendetsa njinga, choncho anamukwezanso Mayeso, nayendetsa choncho, mwendo ukulendewera.

Nasibeko anawadikirira pageti la chipatala pamodzi ndi anamwino, zonse atakonza. Njinga inafika dzuwa litapendeka. Nasibeko ndi amene anamasula mfundo za zitenje, ndipo asanamalize kumasula anali atadziwa kale. Mayeso pambuyo pake anati anamva mutu wa Felesiya ukulemera pamsana pake atangodutsa mtsinje, koma sanaime chifukwa cha mwana. Mwanayo anafika atazizira thupi lonse, akupuma movutika. Anamwino anamuthamangitsira m'kati, ndipo anakhala moyo. Mwendo wa Mayeso sunawongokenso.

Mbiri inayenda m'mapiri monse kuti nambala ija imati thandizo likubwera pomwe silikubwera. Amayi anasiya kuidina, ngakhale a tsidya lino amene inkawathandizadi. Akampani ya juga, poona kuti anthu amene ankawafuna anawapeza kale ndipo akubetcha okha, anasiya kulipira. Nambala inatsekedwa. Lonjezo anabwera yekha kudzaulula kwa Nasibeko zimene anasintha mupulogalamu, ndipo Nasibeko anamvetsera mpaka kumapeto osamukalipira, osamutonthozanso. Ntchito imene Lonjezo anakalembera mayeso ija sanamutenge. Machira amene anali atasungidwa kudenga anatsitsidwa, anthu n'kuwamanganso zingwe zatsopano.

Tsiku lotseka ofesi, atatu aja anakumana m'kachipinda kaja kudzatenga katundu wawo. Sankayang'anana. Mayeso anakhala pampando ndodo zake zili pambali, Fatsani akukulunga mawaya, Lonjezo akuika mapepala m'katoni. Nasibeko anali atangozula chikwangwani pamene pakhomo panamveka odi. Anali Rozina atabereka mwana, ndipo kumbuyo kwake kunali Daisoni, ataonda, maso ali pansi. Daisoni sanalowe. Anakhala pamwala panja chipewa chili m'manja.

Atapatsana moni, Rozina anamasula mwana n'kumuika m'manja mwa Nasibeko.

"Amayi, mwanayu mchombo unagwa kalekale koma dzina alibe. Alamu anga akuti alibe nkhope yotchulira dzina, ndipo ife sitinawakakamize. Kwathu tagwirizana kuti atenge dzina la amene anamupulumutsa mwa ana anu atatuwa. Koma tamvanso kuti pakati pawo pomwepa pali amene anachititsa kuti mng'ono wanga apite. Ameneyo dzina lake lisalowe m'nyumba mwathu, tisamalitchule m'mawa ndi madzulo. Ife ndi anthu akumudzi, za makinazi sitizidziwa. Inu mukuwadziwa anawa. Tiuzeni."

Woyamba kuyankhula anali Fatsani, ndipo sanayankhule ngati wajekete uja.

"Dzinalo sindikulilimbira. Koma pasakhale wonena kuti ndinangogulitsa anthu. Ndikanapanda kuchita zimene ndinachita, nambala ija ikanatsekedwa mvula isanayambe. A Rozina akanadina, palibe akanamva. Lonjezo sakanadziwa, Mayeso sakanaitanidwa, Amayi sakanamuuzira mwanayu mpweya pafoni."

"Ukanapanda kuchita zimene unachita," anatero Mayeso, "mayi ake akanakhala ali kuchidikiro, pafupi ndi anamwino, ufa wawo uli m'thumba. Funsa bambo ali panjawo kuti ndalama zawo zinalowera kuti."

"Nanga Chikaonda anamuthamangitsa ndani?" anafunsa Fatsani. "Njinga inali pakhomo loyang'anizana nalo. Akananyamuka m'mawa, mtsinje usanakwere. Unasankha kuti dzina lako likhale loyera, midzi n'kutsala yopanda njinga."

"Ndinawauza zoona," anatero Mayeso, koma motsitsa mawu. "Ndipo mwendo wanga uli apa."

Lonjezo sanadzutse mutu.

"Ine ndi amene ndinachotsa mudzi wanu, a Rozina. Yankho lija loti thandizo likubwera ndinaiwala kulisintha, ndipo ndi limene linakudikiritsani. Ndikanauza anthu, mukanamanga machira m'mawa. Koma ndikanapanda kuchotsa midzi ya kutsidya, pali amayi a tsidya lino amene lero akuyamwitsa, amene tikanawaika m'manda. Ndikuwadziwa mayina. Tsiku lija nditaona uthenga wanu ndinachita zonse zimene ndikanatha. Kaya zimenezi zikulemera bwanji, ine sindikudziwa."

Rozina anawayang'ana mmodzimmodzi, kenako anabwezera maso kwa Nasibeko. Panja Daisoni anali ataphimba nkhope ndi chipewa.

Nasibeko anayang'ana mwana amene anali m'manja mwake. Anali wopepuka, akugona, kadzanja katagwira m'mphepete mwa bulauzi yake. Anayesa dzina loyamba mumtima, naona kuti popanda ameneyo mwanayu sakanakhala ndi moyo, komanso popanda ameneyo Felesiya akanakhala ali pano. Anayesa lachiwiri, zinali chimodzimodzi. Anayesa lachitatu, chimodzimodzinso. Chigayo chinazima, dzuwa linayamba kutsika, ndipo Rozina anali ndi ulendo wautali wapansi wobwerera kutsidya, koma sanasunthe pamene anakhala.

Nkhaniyi ndaitula pamaso panu, inu amene mwaimva. Fatsani anasunga nambala yamoyo ndi ndalama zimene zinadya nyumba ya Felesiya. Mayeso ananena zoona zimene zinachotsa njinga pakhomo, kenako anapereka mwendo wake pamtsinje. Lonjezo anachotsa mudzi mwakachetechete kuti apulumutse ambiri, ndipo ndi iye yemweyo amene anamva kuitana n'kudzutsa onse. Mukanakhala inu Nasibeko, mwana ali m'manja, Rozina akudikira, mukanati mwanayu atchedwe dzina la ndani, ndipo ndi dzina la ndani limene lisadzatchulidwe m'nyumba imeneyo?